Liŵiro Apendeketsa Mutu

Aliyense amene adagonapo ku Bembeke, m'boma la Dedza, mwezi wa Juni kapena wa Julayi, saiŵala kuzizira kwake. M'maŵa nkhungu imakuta minda ya mbatatesi ndi mitengo ya paini, kotero kuti munthu amamva mau a mnzake asanaone nkhope yake. Izi sizodabwitsa, pakuti dera limeneli ndi lokwera kwambiri. Tauni ya Dedza ili pamwamba kuposa matauni ena onse m'Malaŵi muno, ndipo nsonga ya phiri la Dedza idatalika mamita 2,198 kuchokera pa nyanja yamchere.

M'mudzi wina wa kumeneko mudali mtsikana wa Sitandade 5 amene ankakhala ndi agogo ake aamuna. Pakhomopo padalinso galu wofiirira, woonda miyendo, wa mlomo wautali ndi makutu osongoka, monga alili agalu ambiri a m'midzi mwathu. Dzina lake lidali Liŵiro, chifukwa akadali kamwana adapirikitsa kalulu kuyambira kudimba mpaka kumsewu. Kaluluyo sadamgwire ai, koma dzina lidatsala.

Galuyu adali ndi chizoloŵezi chimodzi chimene chinkamseketsa mtsikanayo. Akamuuza kuti, "Liŵiro, tiye kudimba!" iye ankaima chilili, n'kuimika makutu, n'kupendeketsa mutu cha kumanja, maso ali pa nkhope ya mtsikanayo. Akamva liu loti "nsima" ankachitanso chimodzimodzi. Koma mtsikanayo akamaloŵeza mokweza matebulo a masamu, galuyo sankasamala n'komwe. Ankangoyasamula n'kugona pafupi ndi moto.

Tsiku lina mtsikanayo adafunsa kuti, "Agogo, kodi Liŵiro amapendeketseranji mutu ndikamamlankhula?"

Agogo aja adayamba aganiza, kenaka adati, "Mdzukulu wanga, galu ndi mlenje. Mlenje sathamangira kuyankha. Amayamba watchera khutu."

Yankho limeneli lidali lanzeru, ndipo anthu ophunzira amene afufuza nkhaniyi sadapite patali kwenikweni ndi pamene padaima agogowo. Khutu la galu ndi lakuthwa kuposa lathu. Limamva timau tosongoka kwambiri, monga kulira kwa tiana ta mbeŵa kuuna, timene munthu sangamve ngakhale atagona pansi. Makutu aŵiri akakhala molingana, amathandiza kudziŵa ngati phokoso likuchokera kumanja kapena kumanzere, chifukwa limayamba kufika ku khutu limene lili pafupi. Koma kuti nyama idziŵe ngati phokosolo likuchokera kumwamba kapena pansi, zimathandiza khutu limodzi likakwera, linzake n'kutsika. Akadzidzi ena adabadwa ndi makutu otero, lina m'mwamba pang'ono, lina m'munsi. Galu alibe mwai umenewo, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti iye amadzikonzera yekha mwa kupendeketsa mutu.

Komabe makutu okha sathetsa nkhani. Mtsikana uja ankaima patsogolo penipeni pa galu wake. Liŵiro sadali kufunafuna kumene mau akuchokera. Nanga adali kufuna chiyani?

M'chaka cha 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Eötvös Loránd, mumzinda wa Budapest ku Hungary, adafalitsa zimene adapeza atayesa agalu 40. Eni agaluwo ankatchula dzina la chidole, ndipo galu ankayenera kukachitenga m'chipinda china. Agalu 33 adalephera kuphunzira maina a zidolezo. Asanu ndi aŵiri okha ndiwo adakhoza. Chodabwitsa chidali chakuti agalu odziŵa mainawo ankapendeketsa mitu kaŵirikaŵiri akamva dzina la chidole, pafupifupi ka 43 pa maulendo 100 alionse, pamene anzao aja ankatero kaŵiri kokha pa maulendo 100. Akatswiriwo adaonanso kuti galu aliyense ali ndi mbali yake imene amakonda kupendekera, monga momwe mwana wina amalembera ndi dzanja lamanja, wina lamanzere. Iwo adaganiza kuti galu amapendeketsa mutu pamene wamva liu lolidziŵa ndipo akuyesa kukumbukira tanthauzo lake. Ngati zili choncho, n'zomveka kuti Liŵiro ankatchera khutu pa "nsima" ndi "kudimba", koma matebulo a masamu ankangoŵasiyira mwini wake.

Palinso chifukwa china chimene chimakhudza maso, ndipo ichi aliyense wa inu angathe kuchiyesa ali pa mpando wake. Fumbatani dzanja lanu, muliike pamphuno, kenaka muyang'ane nkhope ya mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Mudzaona maso ake ndi chipumi, koma pakamwa pake padzabisika pang'ono. Tsopano pendeketsani mutu, dzanja lili pomwepo. Pakamwa paja paoneka. Katswiri wina wa ku Canada, dzina lake Stanley Coren, ndiye adapereka chitsanzo chimenechi m'chaka cha 2013. Iye adati mlomo wautali wa galu umamtchinga monga momwe nkhonya yakutchingirani inu, ndipo galu amafunitsitsa kuona pakamwa pa mbuye wake, kuti adziŵe ngati akuseka kapena wakwiya. Coren adafunsa eni agalu 582. Mwa eni agalu a milomo yaitali, 71 pa 100 alionse adati agalu ao amapendeketsa mitu kaŵirikaŵiri. Mwa eni agalu a nkhope zophwatalala, amene adanena zomwezo adali 52 pa 100 alionse. Tisaiŵale kuti amene ankayankha mafunsowo adali anthu, osati agalu, ndipo mwini galu sachedwa kukometsa za galu wake. Ngakhale zili tero, kusiyanako n'koti munthu aganizepo.

Kodi alipo galu wa nkhope yophwatalala? Mtsikana uja sakadakhulupirira akadapanda kumuona ndi maso ake.

Lidali tsiku la katemera wa chiwewe. Alangizi a ziŵeto adalengeza kuti aliyense abwere ndi galu wake, ndipo mtsikanayo adammanga Liŵiro ndi chingwe cha khonje n'kupita naye pabwalo pafupi ndi msika. Padali agalu ochuluka, ena akuuwa, ena akulira, ena akukana kuyenda. Ali pa mzere, padafika galimoto, ndipo mudatuluka mai wina atanyamula kanthu m'manja ngati khanda. Atakatsitsa pansi, ana onse adakhamukira komweko.

Kadali kagalu kakafupi, konenepa, ka ubweya wotuŵira. Nkhope yake idali yakuda, yamakwinya ngati ya nkhalamba, ndipo mphuno idaloŵa m'kati. Maso adali aakulu, otong'oka. Mchira udapiringizika pamsana ngati nkhata. Popuma kankachita ngati kakuliza mkonono, chikhalirecho kadali m'maso.

Mnyamata wina adafunsa kuti, "Pepani amai, kodi kadaombedwa ndi galimoto?"

Maiyo adaseka nati, "Iai mwanawe, kadabadwa choncho. Mtundu wake umatchedwa pug."

Agalu a mtundu umenewu adachokera ku China, kumene ankasungidwa m'nyumba za mafumu zaka mazana ambiri zapitazo. M'zaka za m'ma 1500 adafika ku Holland, ndipo kuchokera kumeneko adafalikira m'maiko ena a ku Ulaya. Mfumukazi Victoria ya ku England idaŵetanso agalu otere. Sadali osaka nyama kapena olondera nyumba. Ntchito yao idali yongokhala pa miyendo ya mbuye wao ndi kumsangalatsa. Anthu ankasankha tiana ta mphuno zazifupi kuposa tinzake kuti ndito tidzaswane, ndipo patapita mibadwo yambiri nkhope idasanduka monga ana aja adaionera.

Pamene mai uja adakaitana ndi dzina, kagaluko kadatukula maso n'kupendeketsa mutu, ndendende ngati Liŵiro. Mtsikana uja adadabwa kwambiri. Kadalibe mlomo woti n'kukatchinga, komabe kadapendeketsa mutu. Apa mpamene tikuonera kuti chifukwa cha Coren chija sichingakhale chokhacho. Kumvetsera kulipo, kukumbukira kulipo, ndiponso pali china chimene aliyense woŵeta galu amachidziŵa: galu akapendeketsa mutu, anthu amaseka, amamsisita, mwina kumponyera kachidutswa ka nsima. Galu si wopusa. Chimene chamubweretsera zabwino lero adzachichitanso maŵa.

Ngakhale agalu aŵiriŵa adachita zofanana, maso ao saona dziko mofanana. Kumbuyo kwa diso, m'kati mwake, kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuŵala ndi kutumiza uthenga ku ubongo. M'chaka cha 2004 akatswiri a ku Australia, mmodzi mwa iwo Paul McGreevy wa pa yunivesite ya Sydney, adapeza kuti kansalu kameneka kamasiyana malinga ndi kutalika kwa mlomo wa galu. Mwa galu wa mlomo wautali, mbali imene imaona bwino idatambalala ngati mzere wopingasa. Galu wotere amaona dambo lonse nthaŵi imodzi, ndipo kalulu akangodumpha cha kumbali, iye wamuona kale. Mwa galu wa nkhope yophwatalala, mbali yoona bwino idaunjikana pakati, monga zilili m'maso mwa munthu. Galu wotere amaona bwino chinthu chimene chili patsogolo pake penipeni, makamaka nkhope ya mbuye wake. Tingati Liŵiro adalandira maso a kuuzimba, pamene kagalu kaja kadalandira maso a pakhonde.

Koma nkhope imene imakondweretsa anthuyo ili ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira ndi galu. Mphuno yaifupi imapanikiza njira ya mpweya, n'chifukwa chake agalu ambiri a mtundu umenewu amapuma movutikira, ndipo kukatentha amafooka msanga. Maso otong'oka aja amalasidwa mosavuta ndi udzu kapena minga. M'chaka cha 2019 boma la Netherlands, dziko lomwe lija lidaŵalandira poyamba ku Ulaya, lidakhwimitsa lamulo loletsa kuswanitsa agalu a mphuno zazifupi kopitirira muyeso. Mwana wa kumudzi asachite manyazi ndi galu wake poona wa m'galimoto. Pa nkhani ya kupuma ndi kuthamanga, wa kumudziyo ndiye mfumu.

Pali zinthu zina zimene agalu onse amafanana, kaya ndi a mlomo wautali kapena waufupi. Kale anthu ankanena kuti galu amangoona zoyera ndi zakuda. Zimenezo si zoona. M'chaka cha 1989 Jay Neitz ndi anzake, ku California m'dziko la America, adatsimikiza kuti galu amaona mitundu, koma yochepa. M'maso mwathu muli magulu atatu a tizigawo tozindikira mitundu, pamene mwa galu muli aŵiri okha. Iye amaona bwino mtundu wa chikasu ndi mtundu wa thambo lopanda mitambo, koma chofiira ndi chobiriŵira ngati msipu amavutika kuzisiyanitsa. Phwetekere wakupsa amene inu mumamuona muli patali pakati pa masamba, kwa galu saoneka moŵala chomwecho. Ndiponso galu saona zinthu mwatchutchutchu monga ife. Akatswiri amayerekeza kuti chinthu chimene munthu wa maso abwino angachizindikire ali pa mtunda wa mamita 23, galu amayenera kuchiyandikira mpaka mamita 6. N'chifukwa chake m'maŵa wa nkhungu Liŵiro nthaŵi zina ankauwa agogo akamachokera kumunda, mpaka atamva kutsokomola kwao kapena fungo lao. Pamenepo ankagwedeza mchira mwamanyazi.

Dzuŵa likaloŵa zinthu zimatembenuka. Diso la galu lili ndi tizigawo tambiri togwira ntchito m'kachisisira, ndipo kumbuyo kwa kansalu kaja kuli china chonga kalilole, chimene chimabweza kuŵala kuti kudutsenso kachiŵiri. Ndicho chimene chimachititsa kuti maso a galu aziyaka mukamuunika ndi tochi usiku. Si ufiti ai. Mphaka, ng'ombe ndi fisi ali nachonso.

Patapita miyezi inai chichitikire katemera uja, mvula itayamba, pakhomo paja padagwa vuto.

M'maŵa wina mtsikanayo adatuluka n'kuitana galu wake monga mwa masiku onse. Liŵiro adabwera pang'onopang'ono, mutu uli chopendekera kumanzere. Mtsikanayo adaseka poyamba, koma kuseka kudatha msanga. Iye sadanene liu lililonse lodziŵika, ndiponso kumanzere sikudali kumene galuyo ankapendekera. Mutuwo sudaongoke. Galuyo ankapukusa makutu, kukanda khutu lamanzere ndi mwendo, ndipo poyenda ankadzandira ngati woledzera. Nsima adangoinunkhiza n'kuisiya.

Mbiri idawanda m'mudzi monse dzuŵa lisanafike pamutu. Anthu adasonkhana chapatali, ndipo abambo ena adabwera ndi zibonga.

Mmodzi wa iwo adati, "Agogo, galu uyu wapenga. Tiloleni timuphe asanalume ana athu."

Anthu ameneŵa sitingaŵanene kuti adali ankhanza. Chiwewe ndi matenda oopsa kwambiri. Chimaloŵa m'thupi kudzera m'malovu a nyama yodwala, makamaka ikaluma munthu, ndipo zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, wodwalayo sachira. Galu wachiwewe amasinthadi makhalidwe, ndipo nthaŵi zina amadzandira. Munthu akalumidwa ndi galu ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire katemera. Mantha a anthu aja adali ndi maziko.

Mtsikanayo adafuna kuthamanga kuti akamfungatire galu wake, koma agogo adamgwira dzanja mwamphamvu. "Ima pomwepo, mwana iwe. Galu wodwala sakhudzidwa ndi ana, ngakhale akhale wako." Kenaka adaloŵa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala kamene adakasunga m'chitini pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Kadali ka umboni wa katemera uja.

Adati, "Abale anga, mantha anu ndaŵamva, ndipo inenso ndili ndi mdzukulu. Koma taonani pepala ili. Galuyu adabayidwa chaka chomwe chino, ndipo sadalume munthu. Ndimtsekera m'khola lakale la mbuzi, pasapezeke woyandikira. Tiitane alangizi a ziŵeto. Akanena kuti ndi chiwewe, ine sindidzatsutsa."

Anyakwaŵa adavomereza mau ameneŵa, ndipo zibonga zidabwerera kwao. Agogo adamkusira galuyo m'khola ndi ndodo yaitali n'kutseka chitseko. Amalume a mtsikanayo adakwera njinga kukanena kwa alangizi.

Usiku umenewo mtsikanayo sadaone tulo. Mvula inkagwa pa denga, ndipo pakati pa mkokomo wake ankamva kulira kwapansipansi kuchokera kukhola.

Alangizi adafika m'maŵa mwake pa njinga yamoto. Adayamba aŵerenga kapepala kaja, kenaka adaima kunja kwa khola nthaŵi yaitali, akungomuyang'ana galuyo. Adafunsa ngati adamenyanapo ndi galu wachilendo kapena nkhandwe, ngati akutuluka dovu, ndiponso ngati akuluma mitengo ndi miyala. Agogo adayankha kuti iai. Alangiziwo adaika mbale ya madzi pakhomo pa khola, ndipo Liŵiro adamwa bwinobwino, mchira ukugwedezeka pang'ono. Pamenepo adavala magolovesi, adammanga kukamwa ndi kansalu, n'kuunika m'khutu lamanzere ndi tochi.

Adaitana agogo kuti, "Bambo, tabwerani mudzaone."

M'khutumo mudali motupa, mofiira, muli mafinya onunkha, ndipo cha m'mphepete mudakanirira nkhupakupa zingapo zokhuta magazi. Alangizi adafotokoza kuti m'katikati mwa khutu, mwa galu ndi mwa munthu yemwe, muli tiziŵalo timene timauza thupi ngati laima moongoka kapena lapendekeka. Mwana akazungulirazungulira n'kuima mwadzidzidzi amachita chizungulire chifukwa cha tiziŵalo timeneti. Matenda akaloŵerera mpaka m'katimo, galu amamva ngati dziko lapendekeka, ndipo mutu umagwera ku mbali ya khutu lodwalalo.

Kenaka adatembenukira kwa mtsikanayo nati, "Iwe ndiye umamdziŵa bwino galuyu. Akapendeketsa mutu kwa kanthaŵi iwe ukulankhula, n'kuuongolanso, ameneyo ali bwino. Koma mutu ukakhala chipendekere tsiku lonse, popanda womlankhula, udziŵe kuti wadwala. Usamgwire, ukauze akuluakulu."

Adachotsa nkhupakupa zija, adatsuka khutulo, adambaya jekeseni, n'kusiya mankhwala odontheza m'khutu. Adalamula kuti galuyo akhalebe m'khola masiku khumi, agogo okha ndiwo azimpatsa chakudya ndi mankhwala, ndipo akaona kusintha kulikonse koipa atumize uthenga msanga. Abambo a zibonga aja ankabwera madzulo alionse kudzasuzumira pa mpata wa khola. Tsiku lachinai adampeza akudya. Tsiku lachisanu ndi chiŵiri adampeza ataima osadzandira, ndipo mmodzi wa iwo, yemwe uja adayamba kunena zomupha, adabwera ndi mafupa a mbuzi m'kapepala.

Masiku khumi atakwana, agogo adatsekula khola. Liŵiro adatuluka atawonda, nthiti zikuŵerengeka, ndipo adadzinyanyamula pa dzuŵa. Mutu udali usadaongoke kwenikweni. Alangizi adanena kale kuti mwa agalu ena kupendekeka pang'ono kumatsalira kwa masabata angapo. Mtsikanayo adayang'ana agogo ake, ndipo iwo adagwedeza mutu kumlola. Adatenga khasu lake laling'ono ndi ndowa, n'kuima patsogolo pa galuyo.

"Liŵiro," adatero motsitsa mau, "tiye kudimba."

Galuyo adaimika makutu onse aŵiri. Kenaka, pang'onopang'ono, adatembenuzira mutu cha kumanja.